Bafa la a Paison Likadzasiya Kudontha

Pa Ngabu, m'zaka zimene munthu sankalowa mumsika asanaonetse khadi la chipani, a Paison anali ndi chinthu chimene anzawo onse a magolosale analibe: bafa la matailosi. Sanalimange okha. Analipeza m'nyumba ya sitolo imene mmwenye wina anaisiya pamene amwenye anauzidwa kuti azikachitira malonda awo m'tauni. A Paison anatenga sitolo, mashelefu, sikelo ndi bafa lomwe, koma pa zonsezi mtima wawo unagwera bafalo. Mlendo akafika, asanamupatse n'komwe madzi akumwa, ankayamba amutengera kuseri kuti akaone malo amene madzi amagwa okha kuchokera kumwamba.

Madziwo sankagwa okha. Kunja kwa khoma kunali nsanja ya mitengo, pansanjapo mgolo, ndipo mgolowo ankaudzaza anthu awiri: mayi Evelesi, mlongo wawo wa a Paison amene amuna awo anamwalira kalekale, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Emelia. Ankatunga kumjigo, kusenza, kukwera makwerero, kukhuthula, n'kubwereranso. A Paison ntchito yawo inali kupotokola mpopi ndi kuuza alendo kuti dziko latukuka.

Kenaka bafalo linayamba kudontha, osati kumwamba ayi, koma pansi, pa konkire pomwe munthu amaponda posamba. Madzi ankalowa kunsi kwa matailosi, n'kuyenda m'khoma mwakachetechete, n'kukatulukira m'chipinda chosungiramo katundu wa m'sitolo. Shuga anaumbika ngati mwala, matumba a mchere anayamba kulira misozi, machesi anakana kuyaka. A Paison anakaikira makoswe, kenaka anakaikira adani awo a kunthambi ya chipani. Bafalo analikaikira pomaliza, ndipo mopweteka mtima.

Pakhomopo panali mmisiri womanga, ndipo sankafunika kumuitana kuchokera kutali chifukwa ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa khola. Dzina lake anali Lorenso, Msena wa kwa Ndamera, mwamuna wake wa Emelia. Kwawo mkazi ndiye amatsata mwamuna, koma kuno kwa Amang'anja anamuuza kuti ayambe wakhala chikamwini kwa kanthawi, anthu amuone khalidwe. Kanthawiko kanadya dzinja, kanadyanso lina. Nthawi zonse ankhoswe ake akabwera kudzapempha chitengwa, kuti amutenge Emelia apite naye kwawo, a Paison, amene anali malume ake a mkaziyo ndiponso mwini mbumba, ankakumbukira khoma lina losamangidwa. Momwemo Lorenso anamanga chimbudzi, anamanga khola la ng'ombe, anakonza khonde la sitolo. Khalidwe lake linkaonekadi bwino, makamaka likakhala la njerwa.

Chaka chimenecho Lorenso anatsimikiza mtima. Bambo ake kwa Ndamera mawondo anali atatha, dimba linali kudikira mwini, ndipo mvula ikangoyamba njira ya kumeneko imasanduka ya achule. Ankafuna kupita ndi mkazi wake mvula isanagwe. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ankapemphera m'mawa asanagwire chipande chomangira, ndipo pemphero lake linali lalifupi ngati malipiro a mkamwini.

Ankhoswe atabweranso, anakhala pansi pa mtengo wa masau, pamodzi ndi akuluakulu angapo amene a Paison anawaitana kuti adzaone mmene munthu wanzeru amaweruzira nkhani.

"Akamwini," anatero a Paison, akuwongola baji ya chipani pamalaya, "ine si munthu wovuta. Funsani aliyense."

Palibe amene anafunsa aliyense.

"Kukubwera alendo a chipani ochokera ku Blantyre, kudzalankhula ndi alimi a thonje. Adzagona panyumba pano, poti pa Ngabu palibe penanso pamene munthu wamkulu angasambe ali chiimire. Bafa ili likasiya kudontha, matailosi n'kubwerera m'malo mwake, tengani mkazi wanu. Mupite naye kwanu kuja kumene mvuu zimadya nawo m'dimba osaodira."

Nkhoswe ya Lorenso, munthu amene anali atatopa ndi kupalasa njinga pachabe, inapempha kuti mawuwo anenedwenso, ati makutu ake ndi okalamba. A Paison anabwereza mokweza, poti ankakonda kumva mawu awo kawiri. Anthu onse anamva.

"Takhuta," anathokoza Lorenso m'Chisena, maso ali pansi.

Anayamba ndi kuchotsa matailosi. Atsopano kunalibe kokawagula pafupi, choncho lililonse ankalinyengerera ndi tchizulo ngati munthu wochotsa munga kuphazi kwa mwana, n'kulitsuka, n'kulitsamiritsa kukhoma. Kunsi kwake anapeza mng'alu woyenda m'ngodya momwe pansi pamakumana ndi khoma, ndi mpata wozungulira paipi yotulutsa madzi, woti chala n'kulowa. Anakulitsa mng'aluwo dala kuti simenti ipeze pogwira, anasesa fumbi, ananyowetsa, anadzaza. Madzi osakanizira simenti sanatunge kumjigo, poti a kumjigowo ndi amchere. Ankakatenga panjinga kuchitsime cha kutali. M'ngodya anaumba mozungulira ngati m'kati mwa mphika kuti madzi asapeze pobisala, ndipo anafunditsa ziguduli zonyowa kuti kutentha kwa mwezi wa Okutobala kusang'ambe simentiyo isanakhwime. Itauma anasungunula phula m'chitini, anapaka pansi ponse ndi kukwera nalo m'khoma kutalika kwa chikhato, anayala nsanza za chiguduli m'ngodya, anapakanso, n'kuwaza mchenga pamwamba phula lisanazizire, kuti simenti yomatira matailosi idzagwire.

A Paison ankathandiza ntchitoyi poima pakhomo ndi kutchinga kuwala.

"Mmwenye sanachite zonsezi, akamwini."

"Inde, malume."

"Phulali ndi la mumsewu. Mukufuna alendo anga azisamba kapena aziyendetsa galimoto?"

"Lidzakhala kunsi, malume. Sadzaliona."

"Chinthu chosaoneka ndi chantchito yanji?" anafunsa a Paison, ndipo funsoli analifunsa ndi mtima wonse, chifukwa ndi mmene ankaonera zinthu zambiri.

Munthu mmodzi yekha pakhomopo sankapereka malangizo, ndiye mayi Evelesi. Iwo ndi Lorenso anali mpongozi ndi mkamwini, ndipo ankasunga mwambo monga unasiyidwira. Sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankalankhulana pokhapokha patakhala wina wonyamula mawu. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira kutchire ngakhale bondo lawo linali lodwala, ndipo Lorenso ankapatukira mbali inayo, njira n'kutsala yokha pakati. Nkhope ya apongozi ake Lorenso sankaidziwa bwino. Ankadziwa kakokedwe ka phazi lawo lamanzere, ndi chikho cha thobwa chimene ankachipeza masana aliwonse panjerwa pafupi ndi bafa, chovindikiridwa ndi mbale kuti ntchentche zisagweremo. Woikayo sanamuonepo. Ankamwa, n'kutsuka chikho, n'kuchibwezera panjerwa pomwepo, ndipo umenewo ndiwo unali mcheza wawo.

Phula litauma, Lorenso sanathamangire kumata matailosi. Anakulunga chitsononkho ndi chidutswa cha chubu ya njinga, n'kutseka nacho paipi. Anathira madzi a kuchitsime chija mpaka anafika pafupi ndi mlomo wa kakhoma ka pakhomo, anatola khala, n'kulemba mzere pakhoma pomwe madziwo analekezera.

"Tsopano?" anafunsa a Paison.

"Tsopano tiwasiya, malume. Akakhala pamzerepo mpaka mkucha, ndiye kuti pagwira. Akatsika, ndiye kuti akadali ndi njira."

"Madzi kungokhala? Pa Ngabu, mwezi uno? Akamwini, kwanu kuja madzi mumawaweta ngati nkhuku, koma kuno ngakhale thukuta timalisunga."

Komabe analola, chifukwa kunali kosangalatsa kuuza ogula m'sitolo kuti bafa lawo lili pa mayeso.

Masana a tsiku lotsatira madzi anali pamzere. Madzulo ake anali atatsika zala ziwiri. Lorenso anagwada n'kuyang'anitsitsa, ngati kuyang'anako kungawakweze. Kutentha kumamwa madzi, zimenezo ankazidziwa, koma zenera anali atalitseka ndi chiguduli, ndipo dzuwa silimwa mwaphuma chotero m'chipinda chamthunzi. Anadziimba mlandu yekha. Mwina simenti anaifulumiza, mwina phula linaphonya penapake pafupi ndi paipi. Anatunga madzi otsalawo, anatenga nyundo ndi tchizulo, n'kuyamba kuphwanya ntchito ya manja ake.

Phula limamatirira kuposa mlandu. Anapala tsiku lonse, manja anatuluka matuza, ndipo atafika pa konkire anaipeza youma gwa, yopanda ngakhale kadontho. Munthu wina akanaima pamenepo n'kuganiza. Koma Lorenso anali atakhala chikamwini nthawi yokwanira kumuphunzitsa kuti chinthu chikalakwika pakhomo, wolakwa amakhala mkamwini. Anaganiza kuti madziwo anadutsa n'kuuma iye asanafike.

"Amisiri a kwa Ndamera," anatero a Paison pouza ogula, mokweza kuti mawu afike kuseri. "Akamanga nyumba, madzi osefukira amabwera kudzaichotsa chaka chisanathe, ndiye palibe amene amadziwa ngati anamanga bwino."

Emelia anamupaka mafuta m'manja madzulo amenewo. "Inu, mwina tingodikira chaka chamawa," anatero motsitsa mawu.

"Chaka chamawa malume ako adzafuna nyumba yosanja."

Lorenso anabwereza zonse, ndipo ulendo uno anapaka phula mokhuthala mwakuti ngakhale nyerere ikanapempha chilolezo. Anatseka paipi, anathira madzi, analemba mzere watsopano. Masana madzi anali pamzere. Madzulo anali atatsika zala ziwiri.

A Paison anabwera kudzaona, manja ali kumbuyo. "Alendo ayandikira, akamwini. Ndikupatsani mpata umodzi wotsiriza. Zikakanikanso ndiitana mmisiri weniweni wa ku Nchalo, ndipo za chitengwa zija tidzazikamba Mulungu akadzalola." Mulungu wa m'mawu a a Paison sankalola zinthu kawirikawiri.

Lorenso sanatenge nyundo. Anakalowa m'chipinda cha katundu n'kusisita khoma ndi chikhato: louma. Anazungulira kuseri, kumene paipi imatulukira: fumbi lokhalokha. Atatembenuka kuti azibwerera, maso ake anagwera pa kampapaya kamene kanamera kokha pafupi ndi mpanda. Masiku onsewo kanali kofota, masamba ali lende ngati makutu a mbuzi yodwala. Tsopano kanali kataimika mutu, kobiriwira, kokhako pabwalo lonse lopserera. Patsinde pake dothi linali lonyowa. Lorenso anagwada, anatapa dothilo ndi chala, n'kununkhiza. Linkanunkha phula. Pafumbi, kuchokera pakhomo la bafa kukafika pampapayapo, panali mapazi a munthu wokoka phazi lamanzere.

Anakhala pansi pomwepo. Zinthu zinayamba kulumikizana zokha. Masana aliwonse dzuwa likapendeka, amayi onse a pa Ngabu ankapita kubwalo la sukulu kukaphunzira nyimbo zolandirira alendo a chipani, ndipo anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kuonetsetsa kuti chimwemwecho chafikira aliyense. Emelia ankapita, akazi a a Paison ankapita. Otsala anali mayi Evelesi okha, chifukwa cha bondo. Iye mwini nthawi imeneyo ankakhala ali kuchitsime.

Khoswe anali atakhala pamkhate. Akanauza a Paison, mayiwo akanakhalitsidwa pansi pa mtengo wa masau n'kunyozedwa ndi mlongo wawo pamaso pa anthu, ndipo Emelia akanapita kwa Ndamera ndi thupi lokha, mtima n'kutsala. Akanauza Emelia, kukanakhala kumusenzetsa mwala woti asankhe pouika, pa mayi ake kapena pa mwamuna wake. Kuika loko pachitseko kukanakhala kutukwana apongozi ndi chitsulo. Kuwafunsa, mwambo sunkalola. Usiku umenewo pemphero lake linatalikirapo pang'ono, koma yankho silinabwere ndi mawu.

M'mawa anathiranso madzi mpaka pamzere. Dzuwa litapendeka, amayi atapita ku nyimbo, anatulutsa njinga monga mwa masiku onse, anakaitsamiritsa kuseri kwa khola, n'kubwerera wapansi. Analowa m'bafa, anatseka chitseko, n'kukhala pakakhoma, mapazi ali m'mwamba.

Sanadikire nthawi yaitali. Anamva phazi likukokedwa pafumbi, ndi abakha a mayiwo akulondola pambuyo monga ankachitira kulikonse. Chitseko chitayamba kusuntha, Lorenso anatsokomola, kutsokomola kwaulemu kumene mkamwini amadziwitsa nako kuti ali pafupi.

Chitseko chinaima. Chikho chinagwa pansi n'kugubuduka. Kenaka Lorenso anamva mayiwo akukhala panjerwa paja, msana utatsamira khoma la bafa. Kuthawa sakanatha ndi bondo limenelo, ndipo mwina sanafune.

"Iwe bakha," anatero mayi Evelesi, "choka apo. M'bafamo muli anthu."

Lorenso anayang'ana madzi amene anali pansi pa mapazi ake. Panalibe wina womunyamulira mawu, choncho anasankha chimene chinalipo.

"Konkire iwe," anatero, "ndakumata kawiri, manja anga atha. Tandiuza chimene ndinakulakwira."

"Bakha, uiuze konkireyo kuti palibe cholakwa. Ntchito ndi yabwino. Ngakhale yoyamba ija inali yabwino. Ndinamva chisoni ikuphwanyidwa."

Lorenso anayang'ana matuza a m'manja mwake. Chisoni cha apongozi chinali chitafika, kungoti chinabwera wapansi.

"Nanga konkire, munthu akafuna kubisa madzi, amawathira pamtengo woti dziko lonse liuone ukuphuka?"

Kunja kunamveka kaphokoso kokhala ngati kuseka kotsekeredwa m'nsalu. "Bakha, ndinapita nawo kuchimbudzi tsiku loyamba. Ndinaima pamenepo chikho chili m'manja. Dzanja linakana. Madzi oti munthu wawapalasira njinga mpaka kuchitsime, ine n'kuwataya m'dzenje? Ndine wochimwa, koma sindinafike pamenepo."

Abakha anakangana pa kanthu kena pafumbi. Mayiwo anawaleka amalize.

"Mgolo uwo, bakha, suoneka kukula ukauyang'ana uli pansi. Pano timaudzaza awiri. Makwerero amakwera Emelia, ine ndimangomupatsira ndowa. Akapita adzakwera ndani? Alamu anga a Priska, akazi a achimwene, ali ndi msana wodabwitsa, umapweteka ukangoona ndowa, n'kuchira ng'oma ikalira. Achimwene amasamba kawiri patsiku chifukwa ndi munthu wodziwika." Anapuma. "Koma madzi si kanthu. Ndasenza madzi chibadwire. Kungoti pakhomo pano, bakha, munthu mmodzi yekha ndiye amandifunsa madzulo ngati ndadya."

Lorenso anali ataganizira za chilichonse cha ulendowo, za lole, za sitima, za mbewu ya kudimba, za pomwe Emelia adzaike mitsuko yake. Makwerero aja ankawadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo anali atawakhomererapo misomali kuti alimbe, koma sanadzifunsepo kuti adzakwerapo ndani. Anachita manyazi amene sanawayembekeze, popeza anabwera kudzagwira wakuba.

"Konkire," anatero potsiriza, "kwathu kwa Ndamera madzi sakwera makwerero. Amabwera okha mpaka pakhomo, zaka zina mpaka pamphasa. Kuseri kwa nyumba ya bambo kuli kanyumba kamene ankagonamo azakhali anga. Makoma ndi abwino, denga lokha ndilo linagwa. Mmisiri alipo, ndipo anazolowera kugwira ntchito kwa apongozi."

"Bakha, wamva misala? Mpongozi kupita kuchitengwa pamodzi ndi mwana wake. Adzandiimba pamtondo kuyambira pa Ngabu mpaka ku Bangula."

"Nyimbo za pamtondo zimatha chimanga chikatha, konkire."

"Chisena sindichidziwa. Ndimangodziwa mawu amodzi okha, okanira aja, nkhabe."

"Ndi okwanira. Mayi anga akhalira omwewo moyo wawo wonse, ndipo mudzi wonse umawaopa."

Kaphokoso ka m'nsalu kaja kanamvekanso, koma kanatha msanga.

"Manda a amuna anga ali kuno, bakha. A ana anga awiri alinso kuno."

Kutali, kubwalo la sukulu, amayi ankabwereza mzere umodzi wa nyimbo umene unkawavuta. Kenaka Lorenso anamva mayi Evelesi akudzuka movutikira, akutola chikho chawo.

"Tiye, bakha," anatero, ndipo phazi linakokedwa kulowera kukhitchini.

Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Lorenso anatuluka, anayang'ana madzi ali pamzere, n'kuganiza zogona pakhomo la bafalo mpaka tsiku la mayeso. Anaona kuti angathe kutero, ndipo apambana, koma adzakhala atapambana ngati mlonda. M'mawa mwake anasiya chitseko chosatseka, anakwera njinga dzuwa lisanapendeke n'komwe, n'kupita kukathandiza mnzake wina amene ankamanga uvuni kumsika. Kumeneko anaika njerwa zokhota, mnzakeyo mpaka anamufunsa ngati akudwala malungo. Anabwerera kutada, ndipo m'bafamo sanasuzumiremo. Anagona akuyang'ana denga.

Tsiku la mayeso a Paison anaitana nkhoswe ija ndi akuluakulu omwe aja, poti kulephera kwa mkamwini ndi chinthu chofunika mboni. Anavala magalasi, analowa okha patsogolo, anawerama.

Madzi anali pamzere wa khala, osatsika ngakhale mpang'ono pomwe woti munthu n'kuloza.

A Paison anagwedeza chitsononkho kuti aone ngati chili cholimba. Anakalowa m'chipinda cha katundu, anasuntha matumba, n'kufufuza chinyontho m'khoma ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Sanapeze kanthu. Atatuluka anavula magalasi n'kuyang'ana anthuwo.

"Ndinamuuza ine kuti apake phula," anatero. "Ana a masiku ano ukapanda kuwaimirira sachita kanthu."

Akuluakulu anavomereza ndi mitu. Lorenso anayang'ana kukhitchini. Mayi Evelesi anali atakhala chofulatira, akusankha nyemba m'lichero, ngati munthu amene sanamvepo kuti padziko pali mabafa.

Lorenso anazula chitsononkho, anatchera ndowa kupaipi kuti madziwo asatayike, anayala simenti yopendekera pang'ono kuloza kupaipi, n'kubwezera matailosi a mmwenye limodzilimodzi. Awiri osweka anawabisa kuseri kwa chitseko. Alendo a ku Blantyre anafika mochedwa, analankhula kwa alimi a thonje mpaka ana anagona kumsana, anadya mbuzi ya a Paison, anasamba m'manja m'beseni, n'kubwerera tsiku lomwelo chifukwa cha kutentha. A Paison anawaperekeza mpaka pagalimoto akuwafotokozera za bafa.

Atabwerera anayesa kukumbukira kuti khonde lakuseri nalonso lang'ambika. Nkhoswe ya Lorenso inati makutu ake ndi okalamba ndithu, koma mawu onenedwa kawiri amawasunga. Akuluakulu, amene anali atakhuta zotsala za mbuzi, anati mawu ndi mawu. Chitengwa chinaperekedwa.

Anapangana ndi woyendetsa lole ina yopita ku Bangula, kuti kumeneko akakwere sitima ya ku Nsanje. Masiku okonzekera ulendowo mayi Evelesi anathandiza mwana wawo kumanga mitolo, anamupatsa mphika wawo wabwino, ndipo za iwo eni sananene kanthu. Lorenso sanafunse. Emelia ankalira mobisa kuseri kwa khola, ndipo iye ankangomuimirira pafupi, popeza lonjezo limene linaperekedwa kwa konkire sakanalibweretsa kwa mkazi wake lisanayankhidwe.

M'mawa wa ulendowo katundu anakwezedwa, mitambo ikuoneka kale kumapiri a kumadzulo. Woyendetsa analiza injini. Pamenepo mayi Evelesi anatuluka m'nyumba mwawo atavala nsalu ya kutchalitchi, mtolo uli pamutu, khasu lili paphewa.

"Achemwali, mukupita kuti?" anafunsa a Paison.

"Ndikuperekeza mwana, achimwene."

"Ndi khasu?"

"M'njira mumakhala udzu."

A Paison anayang'ana msewu, umene unali usanaone udzu chiyambire chilimwe. Anatsegula pakamwa, koma ogula anali atasonkhana pakhonde la sitolo, ndipo munthu wodziwika sakangana ndi mlongo wake wamasiye pamaso pa ogula. "Mukabwere msanga," anatero.

"Bondo likalola."

Emelia anayang'ana mayi ake, anayang'ana mwamuna wake, ndipo anazindikira kuti pali nkhani imene inakambidwa iye kulibe, ngakhale sanathe kuganiza kuti anthu awiri osalankhulana anaikamba bwanji. Anatambasula manja n'kuwakweza mayiwo. Lorenso analandira khasu ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuligoneka pakati pa mitolo.

Pa lole palibe tchire lopatukirako. Lorenso anakakhala kutsogolo, pafupi ndi mutu wa galimoto, akuyang'ana kumene ankapita. Mayi Evelesi anakhala kumbuyo kwenikweni, atafulatira, akuyang'ana kumene ankachokera. Emelia anakhala pakati, pamwamba pa thumba la mapira. Anadutsa msika, anadutsa minda ya thonje yotsala mapesi okhaokha, fumbi likuwatsata. Posakhalitsa nyumba za pa Ngabu zinabisika.

"Emelia," anatero mayi Evelesi osatembenuka, "uwauze amuna akowo avale chipewa. Dzuwa ili silisankha mtundu."

Emelia sanavutike n'kunyamula mawuwo. Lorenso anali atayamba kale kufufuza chipewa m'thumba.